Lipoti la wodwala: mnyamata wa zaka 24 wodwala schizophrenia ndi envulopu ya MRI

Mnyamata amene ndikufotokoza pano anavomera kuti nkhani yake ilembedwe, ndipo ndachotsa zonse zimene munthu angamuzindikire nazo. Ndailembera anzanga ogwira ntchito m'makiliniki a matenda a m'maganizo, makamaka amene ayamba kulandira mabanja obwera ndi zithunzi za ubongo m'manja n'kumafunsa kuti, "Adokotala, ndiye matendawo ali pati apa?"

Mmene anabwerera

Anabwera ndi mayi ake ndi malume ake. Ndi wosakwatira, anamaliza Fomu 4, ndipo amakonza mafoni pa kabenchi kake pamsika. Iye anangokhala chete, maso pansi. Mayi ake ndi amene anayamba: "Adokotala, mwana wangayu anali wansangala. Pano amangodzitsekera m'nyumba, kusamba ayi, akuti mafoni a anthu akumunena."

Vutoli linali litatha miyezi 14. Linayamba mwakachetechete: anasiya mpira, anasiya kucheza pa bawo, n'kumagona masana. Kenako anayamba kukaniza makasitomala mafoni awo, ati mkati mwake muli tizipangizo totumiza maganizo ake kwa anthu ena ku Lilongwe. Usiku ankakulunga mutu ndi chitenje chonyowa kuti maganizo asatuluke. Nditamufunsa za mawu amene amamva, anati ndi amuna awiri amene amakambirana za iye ngati akuulutsa mpira pa wailesi: "Taonani wadzuka. Taonani akutsegula chitseko." Samulamula kuchita kanthu, ndipo sanaganizepo zodzipha kapena kuvulaza munthu.

Asanabwere kwa ife anapita naye kwa sing'anga, kumene anamutema mphini m'mbali mwa mutu, kenako ku mapemphero a kuphiri kawiri. Sindinawadzudzule. Mabanja ambiri amene ndimawaona amadzera njira yomweyo, ndipo ukawakalipira tsiku loyamba sabweranso.

Chamba anasutapo ali Fomu 3, koma iye ndi malume ake anagwirizana kuti anasiya zaka zoposa 2 matenda asanayambe. Mowa ndi wa apo ndi apo. Bambo ake aang'ono anagonekedwapo kawiri ku Zomba Mental Hospital. Zinthu ziwiri ndinazilemba ndi mzere kunsi kwake m'buku lake la kuchipatala. Choyamba, ali ndi zaka 4 anadwala malungo aakulu, anakomoka ndipo anakhala masiku 2 osadziwa kanthu. Chachiwiri, miyezi 5 khalidwe lake lisanasinthe anagwa pa kabaza wa njinga yamoto alibe chipewa, anakomoka mphindi zingapo ndipo anamusoka pamphumi.

Kupima ndi chithandizo choyamba

Thupi silinatenthe, khosi linali lofewa, maso ankatsatira kuwala bwinobwino, kayendedwe ndi mphamvu za manja ndi miyendo zinali zofanana mbali zonse. Ankadziwa tsiku, malo ndi chifukwa chimene abale ake am'bweretsera, ngakhale sankavomereza kuti akudwala. Nkhope yake sinkasintha, kaya tikukamba za imfa ya bambo ake kaya za mpira. Malungo, HIV ndi chindoko sizinapezeke. Shuga ndi kuchuluka kwa magazi zinali bwino.

Ndinalemba kuti ndi schizophrenia, matenda aakulu a m'maganizo. Mawu a anthu okambirana za iye, chikhulupiriro chakuti maganizo ake akuulutsidwa, kuzilala kwa chidwi ndi kudzipatula, zonsezi kwa nthawi yoposa chaka, zinakwanira miyeso ya mabuku awiri amene timatsatira popeza matenda: wa ICD-11 umene umafuna mwezi umodzi, ngakhalenso wa DSM-5 umene umafuna miyezi 6. Onani kuti mpaka apa palibe makina amene anagwira ntchito. Matendawa timawapeza ndi khutu ndi diso.

Tinayamba ndi mankhwala a haloperidol 5mg usiku. Tsiku lachinayi anabwera naye mothamanga, khosi litapindikira kumbali, lilime lili panja. Mayi ake ankalira poganiza kuti ndi khunyu kapena olodza aja abwerera. Kunali kukokana kwa minofu kobwera ndi mankhwalawo, kumene kumakonda anyamata a msinkhu wake. Benzhexol anathetsa vutolo, ndipo tinasinthira ku risperidone, 2mg kenako 4mg. Patatha milungu 6 mawu aja anali atachepa kwambiri, anayamba kusamba yekha ndi kudya ndi anzake.

Chifukwa chimene tinajambulira ubongo

Pa ulendo wachitatu mayi ake anandipatsira foni. Anali mlongo wake wamkulu wa mnyamatayu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndi amene ankatumiza ndalama za mankhwala. Anafunsa mwaulemu koma molunjika: "Adokotala, mukuti vuto lili mu ubongo. Nanga mwauona bwanji ubongowo musanaujambule? Kuno akanamuika kale mu sikani."

Funsoli ndi labwino ndipo sindinalipeputse. Koma nthawi zambiri wodwala ngati uyu sindimutumiza kukajambulidwa, ndipo chifukwa chake si umphawi wokha. Ngakhale ku Britain, bungwe lopereka malangizo a zachipatala la NICE linanena mu 2008 kuti sikani ya ubongo, kaya ya CT kapena ya MRI, isakhale chinthu chochitira aliyense amene wasokonezeka maganizo koyamba. Akatswiri ena amatsutsa zimenezi. Mu 2023 Graham Blackman ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti mwa odwala otere amene anajambulidwa ndi MRI, pafupifupi 26 pa 100 anali ndi kenakake kachilendo pa chithunzi, koma amene kachilendoko kanali kofunika pa chithandizo anali pafupifupi 6 pa 100. Ndiye kuti ujambule anthu 18 kuti upeze mmodzi. Kumene MRI ili kuseri kwa chitseko, nambala imeneyi ingakukope. Kwathu kuno, kumene sikani imodzi ingadye ndalama za fetereza wa banja lonse, ndimasankha.

Ndimatumiza amene matenda amuyamba atapitirira zaka 40, amene wasokonezeka mwadzidzidzi m'masiku ochepa, wosadziwa tsiku kapena malo, wokomoka, wofooka mbali imodzi, wa mutu wopweteka ndi kusanza, wa HIV amene chitetezo chatsika, kapena womva fungo limene ena sakulimva. Pamenepo ndimakhala ndikusaka chotupa, magazi oundana pansi pa chigaza, TB ya mu ubongo, timatumba ta njoka za nkhumba, kapena chipsera choyambitsa khunyu m'mbali mwa ubongo. Zonsezi zimatha kuvala nkhope ya misala.

Mnyamatayu anali ndi kugwa kwa pa kabaza kuja, ndipo mayi ake anawonjezera kuti nthawi zina amangoti duu, kuyang'ana malo amodzi kwa mphindi yathunthu. Ziwirizi zinandikwanira. Ndinalemba kalata, mlongo wake analipira, ndipo anakajambulidwa pa chipatala china cholipira mumzinda ndi makina a MRI.

Kulowetsa munthu wokhulupirira kuti makina amawerenga maganizo ake m'chimphanga chaphokoso kwa theka la ola si ntchito yamasewera. Anandifunsa yekha: "Makinawo aona zimene ndikuganiza?" Ndinamuyankha ndi ntchito yake yomwe. Ndinati, "Achimwene, mukatsegula foni n'kuyang'ana bolodi, mumaona mauthenga a mwini wake?" Anati ayi, umangoona ngati penapake papsa kapena palowa madzi. Ndinati MRI ndi chimodzimodzi: ndi maginito amphamvu amene amaona mmene madzi ndi mafuta akhalira m'mutu, osati mawu. Anagona osagwedezeka mpaka kumaliza.

Zimene zinapezeka, ndi pamene ndinalakwitsa

Panalibe chotupa, panalibe magazi akale, panalibe chipsera kutsogolo kapena m'mbali mwa ubongo, panalibe timatumba. Hippocampus, kagawo kothandiza kukumbukira, kanali kofanana mbali zonse ziwiri. Katswiri wowerenga zithunzi analemba chinthu chimodzi chokha: mphako za madzi za mkati mwa ubongo, zimene timazitcha ma ventricle, zinali zokulirapo pang'ono poyerekeza ndi msinkhu wake, ndipo mikwasa ya kutsogolo kwa ubongo inali yotakasukirapo. Pomaliza anaika liwu lakuti atrophy, kutanthauza kufota, n'kunena kuti ndi yochepa.

Za kuti duu zija, nditafunsitsa, zinapezeka kuti ukamuitana amatembenuka nthawi yomweyo ndipo amakumbukira zonse. Ankakhala akumvetsera mawu aja. Sinali khunyu.

Tsiku limene anabweretsa zotsatira pa benchi panali anthu oposa 50. Ndinawerenga, mtima unakhala pansi, ndinati, "Mayi, nkhani yabwino, mulibe chotupa, pitirizani mankhwala," n'kuwabwezera envulopu. Sindinatchule liwu lija. Madzulo omwewo pepalalo linajambulidwa pa foni n'kutumizidwa pa WhatsApp, ndipo pofika m'mawa banja lonse linali litamva kuti ubongo wa mnyamata wafota.

Aliyense anatolapo zake. Mayi ake anapepukidwa: ngati chaoneka pa chithunzi ndiye kuti si ufiti, ndipo anasiya kukayikira mkazi wa neba amene ankamuganizira. Malume ake anamva kuti mwana watha ngati nkhalamba yoiwalaiwala, ndipo anati kulipira thiransipoti mwezi ndi mwezi n'kutaya ndalama. Mwini wake, wodziwa foni kuposa tonsefe, anafufuza pa intaneti n'kupeza kuti mankhwala a misala amachepetsa ubongo. Sanauze munthu. Mapiritsi ankawaponya m'chimbudzi.

Patatha miyezi 3 anamupeza usiku akuyenda pamsewu waukulu wopanda nsapato, akuti akupita ku Lilongwe kukazimitsa makina. Anabwera naye atamumanga manja ndi chingwe. Anagonekedwa milungu 3.

Zimene zithunzi za ubongo zimanenadi pa schizophrenia

Kukula kwa ma ventricle si nkhani yatsopano. Mu 1927 Jacobi ndi Winkler ku Germany anaona zimenezi pogwiritsa ntchito njira yowawa yopopera mpweya m'mutu kenako n'kujambula ndi X-ray. Koma nkhani inamveka mu 1976, patangopita zaka 5 CT itajambula wodwala woyamba ku London, pamene Eve Johnstone, Tim Crow ndi anzawo pa chipatala cha Northwick Park anajambula odwala 17 okhalitsa m'chipatala n'kupeza kuti mphako zawo zinali zazikulu kuposa za anthu osadwala. Nthawi imeneyo ambiri ankati schizophrenia imabwera chifukwa cha kaleredwe, makamaka ka mayi. Zithunzi zija zinathandiza kuchotsa mlandu umenewo pa amayi, monga mmene envulopu yathu inachotsera mlandu pa mkazi wa neba.

Kafukufuku amene ndimamukonda ndi wa 1990 wa Richard Suddath, Daniel Weinberger ndi anzawo ku America. Anajambula ndi MRI mapasa ofanana, magulu 15, m'gulu lililonse mmodzi wodwala, wina ayi. Pafupifupi m'magulu onse, wodwalayo anali ndi hippocampus yocheperapo ndi ma ventricle okulirapo kuposa mnzake. Koma taonani chinsinsi chake: aliyense anali ndi muyeso wakewake pambali pake, munthu wa magazi amodzimodzi wobadwa tsiku limodzi. Wodwala wanga alibe mnzake wotero, ndipo palibe chithunzi cha ubongo wake asanadwale.

Mu 2000 Ian Wright ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 58 n'kupeza kuti ubongo wonse wa odwala umachepa ndi 2 peresenti pa avereji, pamene ma ventricle amakula ndi 26 peresenti. Mu 2016 gulu la ofufuza a m'mayiko ambiri lotchedwa ENIGMA linayerekeza odwala 2,028 ndi anthu osadwala 2,540, ndipo linapeza hippocampus ndi tizigawo tina ta mkati mwa ubongo, amygdala ndi thalamus, zocheperapo, ma ventricle okulirapo. Mu 2018 gulu lomwelo, ndi odwala 4,474, linaonetsa kuti khungwa la ubongo ndi lopyapyalirapo, makamaka kutsogolo ndi m'mbali. Choncho kusintha kulipo ndithu, ndipo kumaoneka ngakhale mwa ena amene sanamwepo mankhwala.

Vuto ndi kukula kwa kusiyanako. Ngakhale pa hippocampus, pamene panasiyana kwambiri m'kafukufuku wa 2016 uja, miyeso ya odwala ndi ya osadwala imalowana pafupifupi 80 pa 100. Banjali ndinalifotokozera ndi mbuzi. Mukayeza pa sikelo mbuzi zonse za midzi iwiri, mungapeze kuti za mudzi wina n'zolemerako pang'ono. Koma wina akakubweretserani mbuzi imodzi n'kufunsa kuti yachokera mudzi uti, sikelo siyankha. Pali odwala schizophrenia ambiri amene MRI yawo ili bwinobwino, ndipo pali aphunzitsi ndi madalaivala a minibasi amene ma ventricle awo ndi aakulu kuposa a wodwala wanga koma sanamvepo mawu. Ndiponso manambala a ofufuzawo amachokera ku mapulogalamu a kompyuta monga FreeSurfer oyeza kagawo kalikonse, pamene lipoti limene timalandira ife ndi diso la katswiri mmodzi loyerekeza ndi zimene anazolowera kuona.

Kwa mnyamatayu panali zina zimene zikanakulitsa mphakozo. Malungo a mu ubongo aja ali ndi zaka 4 ndi amodzi. Makina a MRI amene anaikidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital mu 2008 anabwera makamaka chifukwa cha kafukufuku wa malungo amenewa mwa ana, ndipo Terrie Taylor, Karl Seydel ndi anzawo anaonetsa mu 2015 kuti kutupa kwa ubongo ndi kumene kumapha ana ambiri otere. Ena opulumuka amatsala ndi ubongo wochepako. Kugwa pa kabaza ndi china. Mwinanso anangobadwa choncho. Chithunzi chimodzi sichingasiyanitse zitatu zimenezi ndi schizophrenia yeniyeniyo.

Liwu lakuti kufota nalonso limasocheretsa. Mu matenda oiwalitsa okalamba a Alzheimer maselo a ubongo amafa ambirimbiri ndipo munthu amangotsikiratsikira. Mu schizophrenia, amene anapima ubongo wa odwala atamwalira sanapeze imfa ya maselo yotero kapena zipsera zake. Chimene chimachepa kwambiri ndi tinthambi ndi timalumikizano ta pakati pa maselo. N'chifukwa chake kuyambira 1987 Weinberger, komanso Robin Murray ndi Shôn Lewis, anayamba kunena kuti gwero lake lili m'kakulidwe ka ubongo kuyambira m'mimba mpaka pa unyamata. Malume aja ankaganiza za mtengo wouma, pamene nkhani yake ikufanana ndi mtengo wamoyo umene wadulidwa nthambi mopitirira.

Nanga zimene mnyamatayu anawerenga? Sanazipeke. Mu 2005 ofufuza ku Pittsburgh ku America anapatsa anyani a mtundu wa macaque mankhwala a haloperidol kapena olanzapine kwa miyezi 17 mpaka 27, ndipo ubongo wawo unachepa ndi pafupifupi 10 peresenti. Mu 2011 Beng-Choon Ho ndi Nancy Andreasen ku Iowa, atatsatira odwala 211 kwa zaka pafupifupi 7, anapeza kuti amene analandira mankhwala ambiri anali ndi kuchepa kokulirapo. Inde, odwala kwambiri ndi amenenso amapatsidwa mankhwala ambiri, choncho ziwirizi n'zovuta kuzilekanitsa, koma ine sindiuza wodwala kuti nkhaniyi ndi bodza. Chimene foni yake sinamuonetse ndi chakuti gulu la ku Iowa lomwelo linapeza mu 2013 kuti kutalika kwa nthawi imene munthu amakhala matenda atabwerera kumayenderanso limodzi ndi kuchepa kwa ubongo. Ndipo ku Stellenbosch ku South Africa, Robin Emsley ndi anzake anatsatira odwala amene anachira atalandira mankhwala zaka 2 kenako n'kusiya: 79 pa 100 anadwalanso chaka chisanathe, ndipo pofika zaka 3 anali 97 pa 100. Kwa ine zimenezi zikutanthauza mlingo wochepetsetsa umene ukugwira ntchito, mankhwala amtundu umodzi, osadukiza. Chizolowezi chathu chounjika chlorpromazine pamwamba pa haloperidol pamwamba pa jakisoni chifukwa wodwala akusokosa mu wodi ndicho chiyenera kutichititsa manyazi.

Kukhala pansi ndi banja, ndi mmene alili tsopano

Asanatuluke mu wodi ndinachita zimene ndinayenera kuchita poyamba paja. Tinakhala mphindi 40: iye, mayi ake, malume ake, ndi mlongo wake pa foni. Ndinapepesa chifukwa chowapatsa pepala popanda kuliwerenga nawo. Ndinaika chithunzi pa windo n'kuwaonetsa mphakozo, zooneka ngati gulugufe pakati pa mutu, n'kuwauza kuti aliyense m'chipindamo ali nazo. Malume anafunsa kuti, "Ndiye ndalama zonse zija tinagula chiyani?" Ndinati munagula kudziwa kuti mulibe chotupa, mulibe magazi, ndipo safunika opaleshoni. Anagwedeza mutu, sindikudziwa ngati anakhutira.

Kwa mayi ndinasamala. Chikhulupiriro chawo chakuti chithunzi chatsimikiza matenda sichinali cholondola kwenikweni, koma chinabweretsa mtendere pakati pa nyumba ziwiri. Ndinangoti matendawa ndi a ubongo ndithu, ndipo tikuwadziwa chifukwa cha zimene mwana wawo amamva ndi kuchita, chithunzi chikhalepo kapena chisakhalepo.

Mnyamatayo ndinakambirana naye payekha, ndipo zonse za anyani ndi za ku Stellenbosch ndinamuuza monga ndalembera pamwambapa. Anafunsa ngati angajambulidwenso chaka chilichonse kuti aziona ngati ubongo ukuchepa. Ndinamuuza kuti kusintha kwa chaka chimodzi n'kochepa kwambiri moti diso silingakuone, ndipo ngakhale kuchuluka kwa madzi amene munthu wamwa kapena kusintha makina kumasuntha miyesoyo. Anasankha yekha jakisoni wa pamwezi, ati mapiritsi amamukumbutsa matenda tsiku lililonse. Poganizira khosi lija, tinayamba ndi fluphenazine decanoate 12.5mg yoyesera, benzhexol ali pafupi, kenako 25mg pa milungu 4 iliyonse.

Tsopano patha miyezi 11 chitulukireni. Mawu amabwera mwa apo ndi apo, makamaka akagona mochedwa, ndipo akuti amamveka ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Za makina a ku Lilongwe amati "mwina ndinkangoganiza." Nkhope idakali yozizira ndipo sayamba yekha nkhani. Wabwerera pa benchi yake masiku 3 pa mlungu. Mlongo wake anafunanso kulipira sikani yachiwiri. Titakambirana, ndalamazo anamugulira makina otenthetsera bolodi ndi batire ya sola.

Dandaulo lake lalikulu pa ulendo wapitawu linali kunjenjemera kwa zala, kumene kumamuvuta akamawotcherera tizipangizo ting'onoting'ono. Milomo ndi lilime sizikuyenda zokha, ndipo mkono ukulimba pang'ono pa chigongono cha kumanja. Ndatsitsa jakisoni kufika pa 12.5mg pa milungu 4 iliyonse, ndawauza mayi ake zizindikiro zitatu zoti akaziona abwere osadikira tsiku, kusagona, kusiya kusamba ndi chitenje cha kumutu chija, ndipo ndidzamuonanso pakatha milungu 4. Ndamupempha kuti adzabwere ndi foni yakufa ndi zida zake, adzawotcherere ndikuona.